Zitsa za pa kaphiri: lipoti la nkhalango ya mudzi m'malire a Dzalanyama

Lipoti ili likufotokoza ntchito yobwezeretsa nkhalango ya mudzi wina wa kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe, kufupi ndi malire a nkhalango ya boma ya Dzalanyama. Ndine mlangizi wa zankhalango, ndipo ndayenda ndi mudziwu kuchokera pa msonkhano woyamba mpaka pamene anthu anayamba kudula mitengo yawo motsata pulani. Dzina la mudzi ndi maina a anthu ndawasiya dala, chifukwa muli milandu ya pabwalo la mfumu yomwe eni ake sangakonde kuti imveke kutali. Ndikulembera alangizi anzanga, mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi yozungulira nkhalango za boma.

Malo ake

Dzalanyama inakhazikitsidwa ngati nkhalango yotetezedwa mu 1922. Ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 99,000, imakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, ndipo mapiri ake ndiwo malire athu ndi Mozambique. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imayambira m'menemo. Madzi amene anthu amatunga pampopi ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Capital Hill amachokera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, ndipo madamuwo amadzadza ndi mvula yogwa m'mapiri amenewa. Kwa ife Achewa malowa ndi olemera kuposa pamenepo, poti m'mapiri omwewa ndimo muli Kaphirintiwa, pomwe makolo amati anthu oyamba ndi nyama anasiya mapazi pathanthwe.

Nkhalangoyi yadulidwa kwambiri ndi ootcha makala, mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera, bungwe la Lilongwe Water Board likuthandiza pa ndalama zake. Chaka chotsatira kunayamba ntchito yosamalira Dzalanyama mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan. Zonsezi zinkayang'ana mkati mwa malire. Nkhani yanga ili kunja kwa malire, pa malo a mfumu, pomwe anthu amakhala ndi kuphika tsiku ndi tsiku.

Pempho la mudzi ndi zimene tinapeza

Mudzi unapempha mbande. Kumtunda kwa nyumba zawo kuli kaphiri komwe kanali mbee, ndipo m'munsi mwake muli kasupe wothira m'dambo momwe muli madimba. Amayi ankalowa m'nkhalango ya boma kukatola nkhuni, ulendo wonyamuka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo nthawi zina ankabwera opanda nkhwangwa atalandidwa ndi olondera. Mudzi unali utadzalapo bulugamu pakaphiripo nyengo zingapo, koma yopulumuka inali yowerengeka. Chiswe chinadya ina, mbuzi zina, moto unamaliza yotsala. Mbande zambiri zinkafika mochedwa, mvula ili pafupi kutha. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma kuno kwathu mbande yolowa m'nthaka mu Malichi sikhala ndi mizu yopirira chilimwe.

Tisanakambe za machubu ndi nazale, ndinapempha kuti tikayende pakaphiripo ndi a mfumu, madoda angapo ndi amayi otola nkhuni. Chomwe chinkaoneka ngati thengo la zitsamba chinali zitsa zamoyo. Panali mombo, tsamba, mchenga, msuku, muula, muwanga, ndi mlombwa apo ndi apo. Chitsa chilichonse chinali ndi mphukira zambirimbiri zofika m'mawondo, zakuda ndi lupsa la chaka chatha. Tinafukula pang'ono m'mbali mwa chitsa chimodzi cha mchenga kuti anthu aone mizu yake: yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, yolowa pansi pomwe mbande ya m'chubu ingafike patapita zaka zambiri.

Apa ndi pofunika kumvetsa khalidwe la mitengo ya mtundu wa mombo. Ikadulidwa siifa msanga, imaphukira pachitsa ndi pamizu. Mbewu zake sizipita kutali, chikhokhombe chimangothetheka ndi dzuwa n'kuzimwaza pafupi ndi tsinde. Kamtengo kakamera kamatha zaka kakuoneka ngati sikakukula, kumtunda kukuuma chilimwe chilichonse, pomwe pansi mizu ikunka ilowa. N'chifukwa chake malo amene zitsa zinazulidwa n'kulimapo savuta kuwaononga koma amavuta kuwabwezera, pomwe malo amene zitsa zilipo amangofuna kuwatchinjiriza ku moto, mbuzi ndi nkhwangwa yodula nthawi isanakwane. Umboni unali pafupi. Manda a mudziwu ndi msitu wa mitengo yomweyi, yaitali, pa dothi lomweli ndi mvula yomweyi. Palibe anadzalapo mbande pamandapo.

Langizo langa linali loti kaphiri kasadzalidwenso, kangosamalidwa, ndipo bulugamu adzalidwe kumunsi, kutali ndi kasupe, kaamba ka milimo ndi mphanda. Sanalilandire msanga. Kudzala kumaoneka, kumabwera ndi alendo ndi zithunzi, pomwe kulera chitsa kulibe mwambo. Doda wina anati, "Alangizi, ndiye mwabwera kudzatipatsa zitsa zathu zomwe?" Ndinavomera kuti ndi momwemo.

Malire ndi eni malo

Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mfumu, molangizidwa ndi a zankhalango, kupatula malo a mudzi amene sanagawidwe kwa munthu kuti akhale nkhalango ya mudzi, ndipo limazindikira komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ngati yoyang'anira. Papepala n'zosavuta. Pansi, malo opanda mwini kuno ku Lilongwe ndi osowa.

Tikuyenda malire, mbumba ina inati mbali ya kum'mawa kwa kaphiri ndi tsala la agogo awo aakazi. Panali pasanalimidwe kwa zaka zambiri, koma mizere yakale inkaonekabe pansi pa udzu. Ena a m'komiti ankafuna kuti mfumu ingolamula. Ndinalangiza zosiyana, ndipo mpaka lero ndikuona kuti tinachita bwino. Nkhalango yoyamba ndi mkwiyo wa banja limodzi imapsa chaka chomwecho, ndipo woyatsa sapezeka. A mfumu anaitana mwini mbumba, malume wa anawo, nakambirana kumbali. Malire anakhotetsedwa kuti tsalalo likhale kunja, ndipo banjalo linalonjeza kusazula zitsa za pamenepo. Nkhalango inachepa, koma banja lomwelo ndilo lakhala likutchinga moto mbali imeneyo, poti mitengo ya pa tsala ndi yawoyawo.

Nkhani ya chikamwini inalowanso. Amuna ambiri m'mudziwu ndi akamwini, ndipo mkamwini sakhala ndi chidwi cholera mtengo pa malo amene angawasiye ukwati ukatha. Eni nthaka enieni ndi amayi ndi alongo awo. Komiti yakale inali yodzadza ndi amuna, ena a iwo obwera. Posankha yatsopano anthu anaika amayi ambiri, kuphatikizapo msungichuma ndi wachiwiri kwa tcheyamani, osati pofuna kukondweretsa alendo koma poti ndiwo adzakhale pamenepo mpaka kukalamba.

Manda ndi dambwe sitinazilembe m'pulani. Zili ndi malamulo ake, olimba kuposa athu, ndipo si malo oti mlangizi azikapondamo ndi foni yojambulira mapu. Malire a nkhalango tinawaika ndi miyala yopaka laimu, n'kudzala khonje ndi nkhadze m'makona. Mapu tinajambula kawiri: a pafoni kaamba ka ku ofesi, ndi a pamanja, pa pepala lalikulu, okhala ndi maina amene anthu amatchulira malowo, monga pachulu, pamwala ndi kumkuyu.

Pulani yogwiritsa ntchito

Gawo ili ndilo mtima wa lipotili. Mapulani ambiri amene ndawaona m'midzi ndi mndandanda wa zoletsa: osadula, osatentha, osadyetsa ziweto, osalowa. Pulani yotere imasungidwa miyezi ingapo, kenako anthu amayamba kulowa usiku, chifukwa nsima siidikira kuti mitengo ikule. Choncho tisanalembe choletsa chilichonse tinayamba tafunsa kuti mudzi umafuna chiyani kutchire, ndani amachifuna, ndipo mwezi uti.

Mayankho anali ochuluka kuposa nkhuni. Alimi a fodya amafuna mphanda ndi milimo ya zigafa mvula ikamagwa, fodya asanayambe kuthyoledwa. Omanga amafuna nkhuni zootchera njerwa m'chilimwe. Udzu wofolera umamwetedwa mu Juni ndi Julayi. Luzi limafunika pomanga nkhokwe ndi makola. Asing'anga ndi azamba amafuna mizu ndi makungwa. Ana amafuna masuku chakumapeto kwa chaka, amayi amafuna bowa mvula ikakhazikika. Ndipo amayi ndiwo anakumbutsa chinthu chomwe sichipezeka m'mabuku athu a zankhalango: nkhuni za pamaliro. Maliro sapangana tsiku, ndipo palibe komiti ingakanize mudzi nkhuni zophikira anamfedwa ndi zowotha usiku pasiwa. Pulani yosatchula maliro imathyoledwa pa maliro oyamba, ndipo ikathyoledwa kamodzi pamaso pa mfumu, ulemu wake watha.

Kaphiri tinakagawa motere. Kuzungulira kasupe ndi m'mbali mwa khwawa ndi posadula mpang'ono pomwe. Pamenepo tinangowonjezera mbande zochepa za katope ndi mbawa, mitengo yokonda madzi. Mbali yaikulu ya zitsa tinaidula m'zigawo, kuti chaka chilichonse ntchito yopatulira ndi kukolola izichitika m'chigawo chimodzi, zina zikupuma. Chigawo chapafupi ndi njira chinasungidwira maliro ndi okalamba osatha kuyenda. Kumunsi, pa dothi lotopa lomwe palibe ankalifuna, ndi pomwe panapita bulugamu, wodzalidwa ndi mvula yoyamba yokhazikika, m'maenje okumbiratu. Bulugamu amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake sipamera zambiri, koma amakula msanga ndi mowongoka, ndipo mphanda iliyonse yochokera kwa iye ndi muwanga umodzi wopulumuka.

Kupatulira kunayamba chaka choyamba chomwe. Pa chitsa chilichonse timasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zotuluka m'munsi mwa chitsa, chifukwa zotuluka pamwamba zimakhadzuka ndi mphepo. Zina zonse zimadulidwa ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Nthambi za m'munsi zimasadzidwa, koma osapitirira theka la msinkhu wa mtengo. Zodulidwazo ndi nkhuni, zing'onozing'ono inde, koma nkhuni. Aliyense wogwira nawo ntchito tsiku limenelo amapita kwawo ndi mtolo. Mayi wina wachikulire anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ankanena za mtolowo, ndipo ndi umene unabweretsa anthu tsiku lachiwiri.

Udzu, bowa, zipatso ndi nkhuni zouma zogwa zokha zinaloledwa kwa a m'mudzi popanda kulipira, pa masiku odziwika. Mizu ya mankhwala imakumbidwa mbali imodzi ya mtengo n'kukwirira. Kusenda luzi pa mitengo yosiyidwa kunaletsedwa, koma luzi la pa mphukira zopatulidwa ndi la wodulayo. Milimo ndi mphanda zimagulidwa kwa komiti pa mtengo wotsika kwa a m'mudzi, wokwererapo kwa akunja. Makala analetsedwa kotheratu.

Moto

Mdani wamkulu wa mphukira si nkhwangwa koma moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, mphepo ikuomba. Moto wotere umapha zonse zosafika msinkhu wa munthu, n'kubwezera ntchito pachiyambi. Magwero ake ndi odziwika: anyamata osaka mbewa, osaka akalulu, otentha mapesi pososa m'minda, ndi ofula njuchi ndi muuni.

Zaka ziwiri zoyamba tinayesetsa kuti moto usalowe konse. Mzere wotchinga moto unalambulidwa kuzungulira nkhalango yonse mvula itangotha, ndipo udzu wozungulira zitsa unkapaliridwa. Kumweta udzu wofolera kunathandiza kwambiri, chifukwa mtolo uliwonse wotuluka ndi chakudya cha moto chochotsedwa. Apa kugwiritsa ntchito ndi kuteteza zinali ntchito imodzi. Mitengo itapitirira msinkhu wa munthu tinayamba kutentha moyambirira, chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, udzu usanaumiretu, madzulo mphepo itagwa, kachigawo kamodzi pa nthawi, anthu ataima ndi nthambi zaziwisi. Moto wotero umayenda pansipansi, umazima wokha ndi mame, ndipo umasiya malo opanda udzu wokwanira kuyatsa moto waukulu wa m'chilimwe. Anthu ena anadabwa kuona mlangizi akuyatsa tchire. Koma m'nkhalango ya mombo moto sungauletse mpaka kale. Chimene ungasankhe ndi mwezi wake.

Ngakhale zinali choncho, chaka chachitatu moto wochokera m'minda ya mudzi woyandikana unalumpha mzere masana a tsiku lamphepo n'kutentha chigawo chimodzi. Mitengo yomwe inali itasadzidwa ndi kupaliridwa yambiri inapulumuka, inangowauka masamba. Yomwe ntchito inali isanafike inapsa mpaka pachitsa. Kusiyana kumeneku kunaphunzitsa anthu kuposa misonkhano yonse. Anyamata a mbewa sitinawathamangitse. A mfumu anawaitana n'kuwapatsa udindo wolondera mzere m'miyezi yoopsa, posinthana ndi ufulu wokumba mbewa m'mphepete popanda moto.

Mbuzi ndi nkhani yaifupi. Zikatayiriridwa anthu atakolola zimadya nsonga za mphukira. Chindapusa cha mwini mbuzi chinalembedwa, koma chomwe chinathetsa vutoli ndi kukula kwa mitengo.

Mlandu wa mphwa wa mfumu

Malamulo a nkhalango analembedwa m'Chichewa, anawerengedwa pabwalo, ndipo anasainidwa ndi a mfumu, a gulupu ndi komiti asanapite kwa Gogo Chalo ndi ku ofesi ya zankhalango. Kuyesedwa kwake kwenikweni kunabwera pamene munthu woyamba kugwidwa akudula milimo m'chigawo chotsekedwa anali mwana wa mlongo wawo wa a mfumu, amene mwa mwambo wathu angathe kudzalowa ufumuwo. Ankamanga chigafa, fodya atapsa m'munda, ndipo bulugamu anali asanakule.

Mudzi wonse unakhala chete kudikira. Komiti inabwera kwa ine kuti ndikanene ku boma. Ndinakana, chifukwa nkhalangoyi si ya boma, ndipo mlandu ukangochoka m'mudzi anthu amaphunzira kuti malamulo awo alibe mano popanda yunifolomu. Ndinapita kwa a mfumu madzulo, osati pagulu. Iwo anati, "Alangizi, mwanayu ndi wanga, sindingamuweruze ndekha. Apite kwa a gulupu." Kumeneko analamulidwa kupereka mbuzi ndi kulambula gawo la mzere wa moto. Mbuziyo inagulitsidwa, ndalama zinalembedwa m'buku, ndipo msungichuma anaziwerenga pamsonkhano. Milimo yomwe anadula inalandidwa n'kukakonzera denga la sukulu ya mkombaphala.

Mlanduwu unaonetsanso pomwe pulani inali yoperewera. Mnyamatayo anali ndi vuto lenileni, ndipo alimi ena a fodya anali nalo. Komiti inawonjezera lamulo loti, podikira bulugamu, mlimi atha kupempha milimo yowerengeka kuchokera m'chigawo chopatulidwa chaka chimenecho, wa komiti ataika chizindikiro pa mitengo yoti idulidwe. Kudula mobisa kunachepa kuchokera pamenepo.

Za ndalama ndinene mwachidule. Makomiti ambiri amafera pa ndalama zochepa zosalembedwa. Kuno buku limawerengedwa pagulu, ndalama sizigona kwa munthu mmodzi nthawi yaitali, ndipo ntchito yake imagwirizanidwa pabwalo: zikwanje, mafosholo, ndi kukonza mjigo.

Makala

Apa ndi pomwe mphamvu za mudzi zimathera. Chikalata cha boma cha ndondomeko ya makala cha 2017 mpaka 2027 chimati mabanja oposa 97 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Aliyense woyenda m'mamawa pa msewu wa ku Malingunde kapena wa ku Mitundu amakumana ndi njinga zosenza matumba, zolunjika ku Chinsapo, ku Area 36, ku Biwi ndi ku Mchesi. Makala a mombo ndi mchenga ndiwo amakondedwa m'tauni poti amalemera ndi kukhalitsa pambaula. Lamulo la zankhalango linakonzedwanso mu 2020, zilango zinakwera, ndipo kuotcha ndi kugulitsa makala kumafuna chilolezo. Koma mphika wa ku Kawale ukufunabe moto madzulo alionse, makamaka magetsi akazima.

M'chaka china cha njala, mu Febuluwale, tinapeza uvuni m'chigawo cha kuseri kwa kaphiri. Ootchawo sanali alendo, anali ana a m'mudzi momwemo, a mabanja omwe nkhokwe zawo zinali zitatha. Anaweruzidwa monga mwa malamulo, koma komiti inachitanso china chimene ndinachiyamikira: inafulumiza kupatulira kwa chaka chimenecho n'kulemba mabanja ovutikitsitsa ganyu, kuwalipira ndi ndalama za m'buku. Uvuni wina sunaonekenso pakaphiripo.

Ndiyenera kunena chilungamo pa mfundo imodzi. Kusaoneka kwa uvuni pa kaphiri sikutanthauza kuti anyamatawo anasiya makala. Ena anangosamukira mkati mwa Dzalanyama. Nkhalango ya mudzi yachepetsa maulendo a amayi okatola nkhuni m'nkhalango ya boma, ndipo zimenezo ndaziona ndi maso. Makala a malonda siinawakhudze kwenikweni, ndipo lipoti lililonse lonena kuti kaphiri kamodzi kathetsa makala likunama. Vuto limenelo gwero lake lili m'tauni, pa mtengo wa gasi, pa kudalirika kwa magetsi, pa mbaula zosatha makala ambiri, ndi pa makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yodzalidwa. Maganizo anga ndi oti anthu a mumzinda, amene timamwa madzi a m'mapiri amenewa, tili ndi ngongole kwa midzi yomwe tikuipempha kuti ilondere magwero ake. Mudzi wolambula mzere wa moto chaka ndi chaka ukugwirira ntchito mpopi wa munthu wa ku Area 47, ndipo gawo la phindu la madziwo liyenera kumafika kwa iwo mokhazikika, osati mwa mphatso ya tsiku lodzala mitengo.

Zotsatira

Poyeza kusintha tinasankha timalo tingapo tokhazikika, tokhomedwa zikhomo, momwe a komiti amawerenga mitengo ndi kuyeza kunenepa kwake ndi chingwe pa msinkhu wa pachifuwa, kamodzi pa chaka mvula itatha. Timajambulanso zithunzi titaima pa miyala yomweyomweyo. Njira imeneyi ndi yosavuta moti imapitirira ngakhale mlangizi atasamutsidwa.

Pofika pano, m'zigawo zomwe sizinapse mitengo yapitirira denga la nyumba ndipo mithunzi yake yayamba kukumana, udzu wa pansi n'kuchepa wokha. Misuku ina yayamba kubereka. Bowa wa manyame, amene amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedweyi ndipo sapezeka pansi pa bulugamu, wabwerera, ndipo amayi ena amakagulitsa pamsika. Madzi a mvula sakutsikanso ndi liwiro lokumba ngalande m'njira ya kumadimba. Anthu akuti kasupe akuchedwa kuphwa. Ndazilemba monga akunenera, koma mvula imasiyana chaka ndi chaka, ndipo pafunika nyengo zambiri tisanatsimikize kuti ndi mitengo yachititsa.

Ulimi wa njuchi unayenda mwapakatikati. Ming'oma ina inalowa njuchi, ina inathawidwa chifukwa cha linthumbu, ndipo ingapo inagwetsedwa ndi chiuli. Amene anapirira ndi anthu ochepa omwe ankayendera ming'oma yawo pafupipafupi; ming'oma ya gulu, yopanda mwini weniweni, ndiyo inaonongeka. Phindu lina la njuchi n'loti mwini mng'oma amakhala woyamba kuthamangira moto. Mbaula za chitetezo zinalandiridwa ndi mabanja ambiri, ndipo nkhuni zing'onozing'ono za kupatulira zimayaka bwino m'menemo kuposa pa mafuwa.

Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oonongeka pofika 2030. Nazale zokha sizingafikitse pamenepo. Timapiri ta zitsa ngati aka tili m'midzi yambiri ya kwa Masula, kwa Masumbankhunda ndi kwa Chiseka, ndipo zofunika pa ntchitoyi ndi zikwanje, nthawi ya mlangizi ndi mgwirizano wa pabwalo. Chovuta n'choti ntchitoyi siiwerengeka msanga ngati mbande, choncho siikopa opereka ndalama. Ndikupempha kuti malipoti athu aziwerenga mitengo yamoyo patapita zaka zitatu, osati mbande zogawidwa.

Zotsala

Zinthu zitatu zidakali pa tebulo la komiti. Choyamba ndi moto wochokera kwa anansi. A gulupu avomera kuitanitsa mafumu a midzi yonse yokhudza kaphiri kuti agwirizane mwezi wotentha moyambirira ndi chindapusa chimodzi, poti mzere wa mudzi umodzi sukwanira.

Chachiwiri ndi kukolola kwakukulu koyamba. Chigawo choyamba chikuyandikira kupereka milimo yeniyeni, ndipo kagawidwe kake kayenera kulembedwa mitengo isanagwe: gawo la amene akhala akugwira ntchito, gawo la okalamba ndi amasiye omwe sakanatha kugwira, ndi gawo la thumba la mudzi. Mabanja omwe anakana ntchitoyi poyamba ayamba kale kufunsa za gawo lawo, ndipo nkhaniyi idzafuna nzeru za a mfumu kuposa zanga.

Chachitatu ndi pempho la komiti loti iloledwe kusamalira limodzi ndi boma kachigawo ka nkhalango ya Dzalanyama koyandikana ndi mudziwu, monga zinayesedwera ku Chimaliro ndi ku Liwonde kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Lamulo limalola mgwirizano wotere. Ndalembera akuluakulu anga kuti ndikuvomereza pempholi, pa mfundo ziwiri: kuti mgwirizanowo utchule momveka zomwe mudzi udzaloledwe kutengamo ndi miyezi yake, komanso kuti uyambe pokhapokha kukolola koyamba kwa pa kaphiri kutagawidwa popanda mkangano. Buku la msungichuma ndi kaundula wa timalo toyezera ndaziphatikiza ku kalatayo.